Mkuyu, mzikiti ndi khoma lopentedwa: mbiri ya ku Linga ili m'manja mwa yani?

Nkhani ya malo akale a pa boma la Nkhotakota ikatuluka pa wailesi, pamamveka zinthu zinayi: malo a mbiri, chipilala cha dziko, mndandanda wa UNESCO (nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe) ndi luso la pabwalo. Olankhula amangozisakaniza ngati ndi chinthu chimodzi. Mapeto ake wina amayamba kuwerengera madola a alendo amene sanafike, wina amasowa tulo poganiza kuti nyumba yake yoyandikana ndi manda akale igwetsedwa, ndipo mnyamata wodziwa kujambula sadziwa khomo loti akagogode kuti aloledwe kupenta khoma la kumsika. Zinthu zinayizi n'zosiyana. Chilichonse chili ndi mwini wake, malamulo ake ndi malire ake.

Malo a mbiri

Malo a mbiri ndi malo amene anthu amawakumbukira chifukwa cha zomwe zidachitikapo. Safuna chikalata. Ali ngati mtengo wa pabwalo la mfumu: palibe adalemba kuti usadulidwe, koma wobwera ndi nkhwangwa amabwezedwa ndi ana omwe.

Tauni ya Nkhotakota, imene eni ake amati ku Linga, ili ndi malo otere ambiri, moti munthu angawazungulire wapansi m'mawa umodzi. Dzina loti Linga likunena za mpanda wodzitetezera pa nkhondo. Derali lidali la Achewa, pansi pa mafumu monga a Malengachanzi, pamene m'zaka za m'ma 1840 kudafika Salim bin Abdallah, wamalonda wachiswahili wochokera kugombe la nyanja ya mchere. Iye ndiye Jumbe woyamba. Jumbe silidali dzina la munthu mmodzi koma udindo, ndipo adaukhala anthu anayi motsatizana. Chidawakoka ndi doko: mchenga wa Sungu umatchinga mafunde, kotero zombo za matanga zinkakocheza bwinobwino. Kuchokera pano minyanga ya njovu ndi akapolo zinkaoloka nyanja kupita kutsidya la kum'mawa, kenako ulendo wapansi wa miyezi mpaka ku Kilwa, doko la kugombe la Tanzania wa lero. Kobwerera kunkabwera nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Zolemba zambiri zimati anthu 20,000 ankadutsa pano chaka chilichonse. Chiwerengerochi n'chongoyerekeza, chifukwa panalibe kaundula wa padoko, koma chimaonetsa kukula kwa malondawo.

Pali mfundo ina imene imasokoneza anthu ofuna mbiri yosavuta. Mudzi wa a Jumbe udakula osati ndi malonda okha, komanso ndi anthu othawa nkhondo za Angoni amene adabwera kudzabisala m'linga. Malo omwewo adali ndende kwa ena, pothawira kwa ena. Nthawi yomweyo ndi imene idasiya Chisilamu, luso lokhoma zombo, mawu achiswahili amene akadamvekabe m'Chichewa cha kuno, ndi ulimi wa mpunga umene Nkhotakota imatchuka nawo mpaka lero.

David Livingstone adafika kuno mu 1861 poyenda panyanja, n'kubweranso mu 1863. Mkuyu umene uli pa mishoni ya Anglican umakumbukiridwa ngati malo amene adakumanirana ndi a Jumbe n'kukamba zosiya ukapolo. Malondawo sadathe tsiku limenelo. Adapitirira zaka zina pafupifupi 30. Mu 1889 Harry Johnston, nthumwi ya boma la Britain, adapangana pangano ndi Jumbe wachitatu, Tawakali Sudi, amene adamwalira mu 1894. Womulowa m'malo adachotsedwa ndi boma la atsamunda n'kutumizidwa ku Zanzibar. Chaka chomwecho cha 1894 amishoni a Anglican a bungwe la UMCA adakhazikika ku Kota Kota, monga ankalembera dzinali masiku amenewo. Bishopu Chauncy Maples, amene adamira panyanja mu September 1895, adaikidwa pomwepa, pa tchalitchi cha All Saints. Chipatala cha St Anne's chidayamba mu 1902. Ndiye mu 1960 chipani cha Malawi Congress chidachititsira msonkhano wake waukulu kuno, kumene Dr. Hastings Kamuzu Banda adapatsidwa utsogoleri wa chipanicho wamuyaya.

Onani kuti ambiri mwa malo amenewa si mabwinja. Kumzikiti anthu amaswali, kutchalitchi amapemphera, pamthunzi wa mkuyu odikirira odwala amapumula. Apa ndi pamene pamayambira mikangano yambiri, chifukwa wosamala zakale amafuna zinthu zisasinthe, pamene wogwiritsa ntchito malo amafuna denga losadontha ndi chipinda chokwana anthu.

Chipilala cha dziko

Tikamva mawu oti chipilala timaganiza za mwala kapena simenti yoimikidwa. Lamulo limatambasula kuposa pamenepo. Pansi pa lamulo la Monuments and Relics Act la 1990, chipilala chitha kukhala nyumba, bwinja, manda, phanga, chojambula cha pathanthwe kapena pakhoma, ngakhale malo okhala ndi zomera zapadera. N'chifukwa chake mtengo nawo umalowa m'gululi. Lamulo lomweli limatetezanso zinthu zonyamulika zakale, monga mapale a miphika, mikanda ndi zitsulo zofukulidwa pansi.

Kusiyana kwa malo a mbiri ndi chipilala cha dziko kuli ngati kusiyana kwa munda umene mudzi wonse umadziwa kuti ndi wanu ndi munda umene mudaulembetsa. Nthaka ndi yomweyo, koma wachiwiriwu uli ndi chikalata chimene khoti limachiwerenga. Malo amasanduka chipilala cha dziko nduna ikalengeza mu gazeti ya boma, ikatha kumva malangizo a akatswiri. Ntchito ya tsiku ndi tsiku ili m'manja mwa nthambi yoona za nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi zipilala, imene kale gawo lake linkatchedwa Antiquities.

Kulengezako sikutanthauza kuti boma lalanda malo basi. Chimasintha ndi ichi: simungagumule, kusintha, kukumba kapena kuchotsapo kanthu popanda chilolezo cholembedwa. Wofuna kumanga msewu, sitolo kapena malo ogona alendo pamalo oganiziridwa kuti pali zakale amayenera kudziwitsa boma akadali pa mapulani, kuti akatswiri afufuze kaye. Wokumba maziko akapeza mafupa kapena miphika, ntchito iime pomwepo, asazitole n'kuziika m'thumba, adziwitse mfumu ndi ofesi ya bwanamkubwa. Chimene akatswiri amawerenga si mphika wokha koma pamene udagona, kuya kwake ndi zimene zidali pambali pake. Ukazulidwa, zonsezo zatayika.

Zowononga zambiri sizichokera kwa adani koma kwa anthu ofuna zabwino. Tengani mtengo wakale. Komiti imaganiza zoulemekeza, imathira konkire kuzungulira tsinde, imamanga mabenchi, imakhomera chikwangwani pathunthu ndi misomali ya mainchesi 6. Koma mizu imene imamwa madzi ili pamwamba, m'nthaka yosapitirira theka la mita kuya kwake, ndipo imayala mpaka kupyola pamene mthunzi umalekezera. Konkire imatseka madzi ndi mpweya, msomali umatsegulira njira kuola, ndipo zinyalala zosesedwa n'kuotchedwa patsinde zimapsereza khungwa. Mtengo suuma chaka chomwecho. Umayamba kuyoyola nthambi zaka zisanu kapena khumi pambuyo pake, aliyense ataiwala za konkire ija, n'kumati ndi ukalamba. Chofunika n'chotsika mtengo: mpanda wapatali ndi tsinde, nthaka yosapondedwapondedwa, masamba asiyidwe aolere pomwepo, chikwangwani chiime pachokha.

Nyumba zakale nazo zimavulala mofananamo. Zambiri zidamangidwa ndi njerwa zofewa zomatidwa ndi laimu kapena dothi, ndipo khoma lotere limapuma: limamwa chinyezi dzinja, n'kuchitulutsa chilimwe. Mukalipaka pulasitala wa simenti yolimba ndi penti ya oyilo, chinyezi chimatsekeredwa m'kati ndipo njerwa zimafumbutuka kuseri kwa khoma looneka lokongola. Khoma la laimu limakonzedwa ndi laimu.

Mndandanda wa UNESCO

Apa ndi pamene pali chisokonezo chachikulu, chifukwa mindandanda ilipo ingapo. Woyamba ndi wa malo ofunika ku dziko lonse lapansi. Malawi adalembetsapo paki ya Lake Malawi mu 1984, zojambula za m'mapanga a Chongoni ku Dedza mu 2006, ndi phiri la Mulanje mu 2025. Nkhotakota palibe pamenepa.

Pamene ili ndi pa mndandanda woyembekezera. Mu 2011 boma lidapereka dzina la njira za akapolo ndi njira ya Livingstone, kuphatikiza Nkhotakota pamodzi ndi malo ena monga Karonga, Mangochi ndi Fort Lister ku Phalombe. Kukhala pamenepa kuli ngati kulembetsa mayeso a MSCE: dzina lako lilipo, koma satifiketi sunatenge. Kuti malo achoke pamenepo, boma liyenera kulemba chikalata chachikulu chosonyeza malire a malo aliwonse pa mapu, umboni wa mbiri yake, lamulo lowateteza, ndi ndondomeko ya momwe adzasamalidwire. Akatswiri a bungwe la ICOMOS, limene limalangiza UNESCO pa za malo akale, amabwera kudzaona ndi maso, kenako komiti ya maiko imagamula. Ntchitoyi imadya zaka ndi ndalama. Ndipo ngakhale zitatheka, UNESCO sitenga malo, situmiza apolisi, komanso silipira malipiro a mwezi ndi mwezi. Udindo umatsala ndi dziko lomwelo.

Mndandanda wina ndi wa miyambo yosagwirika ndi manja. Gule Wamkulu ndi Vimbuza zidazindikiridwa mu 2005, Tchopa mu 2014, kaphikidwe ka nsima mu 2017. Umenewu suteteza malo koma luso ndi anthu olidziwa.

Mawu a pachikwangwani

Chikwangwani cha pamalo a mbiri chimakwana mawu 60 kapena 80 basi. Chili ngati mawu a pamwala wa pamanda: ndi ochepa, koma adzukulu adzawerenga omwewo, ndipo zimene zidasiyidwa zimaiwalika. Zikwangwani zambiri zakale m'dziko muno zidalembedwa m'Chingerezi, poganizira mlendo, ndipo zimatchula mzungu amene adafika, osati anthu amene adawapeza. Amene adaolotsedwa nyanja maina awo sadalembedwe paliponse.

Zaka nazo zimasemphana. Za kukumana kwa pamkuyu, zolemba zina zimati 1861, zina 1863, zina 1864. Wolemba chikwangwani chatsopano ayenera kuyerekeza magwero atatu: zolemba za apaulendo ndi amishoni, mafayilo a boma amene amasungidwa ku National Archives ku Zomba, ndi mbiri ya pakamwa. Lililonse lili ndi chilema chake. Mmishoni ankalembera anthu akwawo amene ankamutumizira ndalama, bwanamkubwa ankalembera mabwana ake, ndipo gogo amasimba monga adamvera kwa banja lake, limene lili ndi mbali yake pankhaniyo.

Kutola mbiri ya pakamwa kuli ndi njira yake. Yambani kwa mfumu, fotokozani chomwe mukufuna ndi komwe mawuwo akapite, ndipo pemphani chilolezo cha wofunsidwayo chimveke m'chojambuliracho. Foni wamba imakwana, bola muiike pafupi ndi pakamwa, kutali ndi mphepo ya kunyanja. Tchulani tsiku, mudzi ndi chaka chimene wolankhulayo adabadwa. Funsani kuti, "Nkhani imeneyi mudaimva kwa yani, agogo?" chifukwa yankho lake ndi limene limasonyeza kutalika kwa chingwe. Amayi afunsidwe paokha. Pagulu la amuna ambiri amangovomera. Musafunse munthu pagulu ngati makolo ake adali akapolo kapena ogula akapolo. Mabala amenewo m'mabanja ena sadapole, ndipo anthuwo adakwatirana, akukhala khomo limodzi. Pomaliza, sungani mawuwo malo awiri kapena atatu. Foni ikagwera m'madzi, mawu a munthu amene adatisiya sabwereranso.

Luso la pabwalo

Luso la pabwalo ndi chojambula, chosema, chomanga kapena chovina chimene chili poti aliyense achione osalipira pakhomo. Chimafanana ndi mjigo wa pamudzi: adalipira ndi wina, adakumba ndi wina, amamwa ndi onse, ndipo ukawonongeka aliyense amaloza mnzake.

Si chinthu chobwera ndi mabungwe. Ku Chongoni kuli malo 127 ojambulidwa, ofiira a Akafula, alenje akale a m'dziko muno, ndi oyera a alimi achichewa okhudza chinamwali ndi nyau. Amayi akhala akuzira ndi kukongoletsa makoma ndi dothi la mitundumitundu mvula ikatha. Mganda, malipenga ndi chioda ndi luso la pabwalo lomwe, kungoti limatha ng'oma ikaleka. M'tauni lero makoma ambiri ali ndi zithunzi za mitu pa malo ometera, nsomba ndi mbale ya mpunga pa malo odyera, mauthenga a zaumoyo, ndi mitundu ya makampani a mafoni. Ojambula zimenezi ndiwo amisiri amene tauni ili nawo, ngakhale kawirikawiri ntchito yaikulu ikapezeka amaitanitsa wa ku Lilongwe.

Pakhoma limodzi pamakumana eni atatu. Mwini khoma ndiye woyamba kupemphedwa: sitolo ndi ya mwini wake, sukulu ili ndi aphunzitsi aakulu ndi komiti, msika ndi depoti zili pansi pa khonsolo. Wachiwiri ndi wojambula. Lamulo la Copyright Act la 2016, limene limayendetsedwa ndi COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito za luso, limateteza ntchito za luso, kotero kukhala mwini khoma sikukupatsani pokhapokha ufulu wosindikiza chithunzicho pa malaya n'kumagulitsa. Zambiri zimatengera zomwe mudagwirizana, n'chifukwa chake pepala limodzi losainirana limapulumutsa ubale: ndalama zingati, chithunzi chikhala zaka zingati, adzakonza ndani, ndani angachifute. Wachitatu ndi anthu odutsa, amene alibe chikalata koma ndi amene adzachiyang'ane tsiku lililonse. Pafupi ndi mzikiti ambiri sakondwa ndi zithunzi za nkhope za anthu. Zilembo ndi maluwa zimalandiridwa bwino. Za kudambwe sizijambulidwa osafunsa eni ake. Ndipo mitundu imalankhula: khoma lodzaza buluu, chikasu, kufiira kapena lalanje limawerengedwa ngati la chipani, ngakhale wojambula ankangoganiza za nyanja ndi dzuwa.

Ziboliboli za anthu otchuka ndiye zimautsa mapiri pachigwa. Mu 2018 ntchito yoimika chiboliboli cha Mahatma Gandhi ku Blantyre idaimitsidwa ndi chiletso cha khoti anthu ena atadandaula. Nkhani siidali ya kukongola kwa chosemacho koma yoti ndani adafunsidwa.

Chifukwa chake penti imasupuka

Zithunzi zambiri za pakhoma kunyanja kuno zimafwifwa kapena kusupuka zisanathe mvula ziwiri, ndipo mlandu umagwera penti. Nthawi zambiri vuto ndi khoma. Kupenta khoma lonyowa kuli ngati kuvala malaya atsopano usanasambe.

Pulasitala watsopano, wosakaniza thumba limodzi la simenti ndi mawilibala awiri a mchenga wosefa, amafuna masiku 28 asanaone penti. Sabata yoyamba azithiriridwa madzi. Mukafulumira, ukali wa simenti umadya mtundu n'kusiya mawangamawanga. Khoma lakale liyesedwe: matani pepala la pulasitiki pakhoma ndi tepi mbali zonse, lisiyeni usiku wonse. M'mawa mukapeza madontho kuseri kwake, khomalo likutulutsa chinyezi, ndipo muyambe mwapeza gwero: denga lalifupi, madzi odikha patsinde, kapena maziko opanda pepala lotchinga chinyezi. Ufa woyera umene umatuluka panjerwa ndi mchere wa m'dothi. Upalidwe ndi bulashi ya waya khoma lili louma, osati kutsukidwa ndi madzi, chifukwa madzi amaubwezera m'kati. Ndere zichotsedwe ndi madzi osakaniza mankhwala oyeretsera zovala, khoma liume.

Kenako penti yoyamba yogwiritsa pulasitala, ndiye makoti awiri a penti yamadzi yolembedwa kuti ndi ya panja. Lita imodzi imakwana masikweya mita 8 mpaka 10 pa koti imodzi. Khoma la mamita 10 m'litali ndi 2.5 m'mwamba ndi masikweya mita 25, kotero makoti awiri amadya malita 5 kapena 6, osawerengera mitundu ya chithunzicho. Apa ndi pamene ambiri amabera: amathira madzi ochuluka kuti chitini chimodzi chikwane khoma lonse. Tsiku lotsegulira limaoneka bwino, chaka chamawa njerwa zayamba kusuzumira. Penti ya oyilo imawala, koma pakhoma la chinyezi imatukusira n'kusupuka ngati khungu la njoka.

Chithunzi chijambulidwe kaye papepala, chionetsedwe kwa eni khoma ndi oyandikana nalo, kenako chidulidwe mabokosi. Bokosi la sentimita imodzi papepala likhale masentimita 10 pakhoma, mizere ilembedwe ndi choko ndi chingwe. Mitundu yochokera ku okusaidi, yofiirira, yachikasu chodera ndi yakuda, imapirira dzuwa; yofiira kwambiri ndi yapinki imayamba kufwifwa, makamaka pakhoma loyang'ana kumadzulo. Theka la mita la m'munsi lisiyidwe la mtundu umodzi woderapo, poti ndi pamene matope amathovukira ndi pamene njinga zimatsamira. Nyengo yabwino ndi kuyambira May mpaka October, m'mawa kapena madzulo. Dzuwa la masana limaumitsa pamwamba m'kati musanagwire, mwera ukakula umamata mchenga, ndipo tsiku limene tizilombo touluka ta nkhungu tatuluka panyanja n'kulunjika kumtunda, tsekani zitini: tikatera pa penti yaiwisi mupala n'kuyambiranso. M'bajeti musiye kachitini ka mtundu uliwonse ndi ndalama yokonzera pakatha zaka zitatu. Mbali imeneyi opereka thandizo saikonda, chifukwa ilibe mwambo wodula riboni.

Zomwe sizinagwirizanidwe

Funso loyamba ndi la a Jumbe. Ena amati adali ogulitsa anthu ndipo chikumbutso chilichonse chiyambire pamenepo. Ena amati ndi amene adamanga tauni, adabweretsa chipembedzo chimene mabanja ambiri ali nacho, ndipo manda awo ndi a makolo. Zonse ziwiri zili ndi umboni. Kodi chikwangwani chimodzi chinganyamule zonsezi, ndipo alembe ndani: boma, mafumu, mashehe, mpingo, kapena onse atakhala pamphasa imodzi?

Lachiwiri ndi la amene adaolotsedwa. Kodi pagombe pakhale chikumbutso chawo, ndipo chioneke bwanji poti nkhope ndi maina awo palibe? Ena amafuna chosema choonetsa magoli ndi maunyolo kuti ana aone kuipa kwake; ena amati zimenezo n'kuwachititsanso manyazi, bola mtengo kapena khoma lopanda chithunzi.

Palinso nkhani ya ndalama. Mlendo akalipira kuti aone malo amene ali pabwalo la mpingo kapena la mzikiti, koma olembedwa ndi boma, m'dera la mfumu, pansi pa khonsolo, ndalamayo igawidwe bwanji, ndipo wokonza mpanda ndi ndani? Nanga mzikiti kapena tchalitchi chikachepa, opemphera akafuna kukuza, malire a kukonza ndi kuwononga ali pati? Malo akadzalowa pa mndandanda waukulu wa UNESCO padzafunika malire ndi dera lozungulira loletsa zomanga zina. Okhala m'deralo sadziwa kuti mzerewo udzadutsa pati.

Ndiye pali mkuyu uja. Mtengo ndi chamoyo, ndipo tsiku lina udzagwa ngakhale utasamalidwa chotani. Ena amati nthambi zake zibzalidwe lero, poti mkuyu umaphuka ku nthambi, kuti mwana wake adzalowe m'malo. Ena amati mwanayo sadaone Livingstone kapena Jumbe, ndiye adzakhala mtengo wamba. Pakadali pano lamulo limateteza umene waimawo.